Mpendero wa Diresi la Sungeni

Ine ndikasoka chovala cha mwana ndimasiya mpendero waukulu, ndipo amene sakufuna apite kwa matelala a m'tauni ya Salima omwe amasoka ngati mwanayo achita kumuuza kuti aleke kukula. Mwana ali ngati chimanga cha m'dimba, ukangoyang'ana kumbali wakupitirira. Choncho ndimapinda nsalu kangapo m'munsi, m'mbali namonso ndimabisamo ina, kuti chaka chamawa mayi ake angobwera, ndimasule ulusi, diresi litsike.

Pano pa Senga Bay amanditcha Mai Sikola, poti dzina loti Scholastica limatopetsa lilime. Makina anga ali pakhonde, kuyang'ana msewu, ndipo chilichonse chodutsa ndimachiona ngakhale ndiweramire singano. Ndimasoka za ana ndi za ukwati: velo, magolovesi, kapilo koikapo mphete, timadengu ta maluwa. Diresi la kamtsikana komwaza maluwa ndiye ndimalisiyira mpendero wowirikiza, chifukwa ukwati wa kuno suchitika tsiku limene alengeza. Akati Ogasiti, iwe uziwerengera Ogasiti winayo.

Koma ngakhale ineyo, ndi nzeru zanga zonsezi, a Binwell anandiposa.

Tikondwe ndi mwana wa mnzanga amene anatisiya kalekale. Amagulitsa mandasi kufupi ndi matandala oyanikapo usipa. Anabereka mwana ndi a Binwell, dzina lake Sungeni, ndipo zonse zinayenda mwa dongosolo. Chinkhoswe chinachitika, ankhoswe anadya nkhuku mpaka kunyambita zala, kenako a Binwell anati akupita ku Joni kukasaka za ukwati woyera. Posakhalitsa kunabwera katundu pa basi: nsalu yoyera yonyezimira ya diresi la mwana, ndi lesi wa velo wokhala ndi timikanda tating'ono m'mphepete. Lesi ameneyo simukanamupeza ku Salima, ngakhale ku Lilongwe. Zoona ndinena, munthuyo nsalu ankaidziwa kusankha.

Ndinasoka zonse ziwiri. Sungeni nthawi imeneyo anali kamwana kongondifika m'chiuno. Velo inatuluka yokongola moti ndinadzichitira nsanje ndekha. Kunyumba kwa Tikondwe kunali makoswe, denga nalonso linkadontha, ndiye tinagwirizana kuti veloyo ikhale kwa ine kufikira tsikulo. Ndinaikuta ndi pulasitiki yoonekera n'kuipachika pakhonde kuti izindiitanira makasitomala. Ndinkaganiza kuti ikhalapo miyezi yochepa chabe.

Ukwati unasunthidwa koyamba chifukwa bwana wa a Binwell anawakaniza tchuthi. Chaka chotsatira anati mapepala avuta. Zifukwa zinazo sindizikumbuka, ndinasiya kuzisunga poona kuti zikundidzazira mutu. Chimene sichinkavuta ndi zithunzi. Pafoni ya Tikondwe pankabwera a Binwell atatsamira galimoto, lero yofiira mawa yakuda, ndipo palibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene chitseko chinali chotsegula.

Velo inakhala pakhondepo mpaka a kabaza anaisandutsa siteji. Munthu akakwera njinga ankangoti munditsitse pa Velo, ndipo ankamutsitsa pakhomo panga. Asodzi ena opanda manyazi ankandifunsa ngati ndingawabwereke akakokere usipa, poti maso ake ndi ang'onoang'ono kuposa a masikito. Ndinkawathamangitsa ndi sizasi. Amayi a ku tchalitchi kwathu ankabwera kudzamulimbikitsa Tikondwe kuti banja ndi kupirira, akudya mandasi ake osalipira. Ine ndinkamuuza zanga poyera, kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Iye ankangoseka n'kunena kuti bambo a Sungeni si otero.

Nthawi iliyonse tsiku latsopano likalengezedwa, Sungeni ankabwera kudzayesa diresi. Ndinkamukweza pa mpando, n'kumasula mpendero umodzi, n'kusita mzere wakalewo kuti usaoneke. Akatsika ankatenga kadengu kake, n'kuthothola maluwa a mpanda wanga osapempha, n'kuyamba kuyeserera sitepe kuchokera pa makina mpaka pa msewu. Mapazi awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, kenako kamwazidwe ka maluwa kochita kupotokola dzanja. Anzake onse anali atamwazapo kale maluwa pa maukwati a eni. Iye ankakana akamupempha. Ankati diresi lake ndi la ukwati wa adadi.

Kenako a Binwell anabwera. Anatsika minibasi ndi nsapato zosongoka ngati mlomo wa bwato, mimba ili patsogolo, galimoto zonse zija atazisiya m'zithunzi. Sabata isanathe, ankhoswe omwe aja anadya nkhuku anapita kwa Tikondwe nkhope zili pansi. Anakamuuza kuti mkuluyo wapeza wina, Jenifer, mwana wa mlimi wa mpunga wa ku Chinguluwe, amene anakumana naye konko ku Joni, ndipo ukwati uli mwezi wamawa. Uwu wokha sunasunthidwe.

Tikondwe sanaswe mbale, sanapite kwa sing'anga. M'mawa mwake anakazinga mandasi monga mwa masiku onse, kungoti anapserera. Ine ndinakwiya m'malo mwake mpaka ndinathyola singano ziwiri pa yunifolomu ya mwana wosalakwa.

Ndiye tsiku lina masana ndikuona nsapato zosongoka zija zikukwera khonde langa. A Binwell anandipatsa moni waulemu, maso akuzemba velo imene inali lende pamwamba pa mutu wawo. Anafotokoza kuti za mkwatibwi zonse abwereka ku Lilongwe, koma akufuna Sungeni atsogole ndi maluwa, anthu aone kuti iwo si bambo wotaya mwana. Diresi lilipo kale, nsalu anagula ndi iwo, ndiye panalibe chifukwa chosokera lina.

"Bambo a Sungeni," ndinatero, "manyazi munawasiya pa boda kapena anakulandani?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala, n'kunena kuti amayi mumakonda zocheza. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwauze zina zimene sindingalembe pano, koma ndinaona Sungeni ataima pakona pa nyumba. Anali atamva zonse, ndipo kadengu kanali kale m'manja.

Ndinamuveka diresi lija. Mpando sunafunikenso, mwanayo anali atandifika paphewa. M'mbali munali mukadali nsalu pang'ono, ndinamasula, linalowa. Koma nditatembenuza m'munsi ndinapeza kuti mpendero watha. Ndinali nditatsitsa wonse, panangotsala ulusi wolendewera. Diresi linkathera pamwamba pa mawondo ngati la osewera netibolo, ndipo mwana wa msinkhu umenewo sangalowe nalo m'tchalitchi, abusa angagwetse Baibulo. Nsalu yofanana nayo yolumikizira kunalibe kwina kulikonse.

Mumtima ndinasangalala, sindibisa. Ndinawauza a Binwell kuti zaka zimene anatidyera zija zadya ndi mpendero womwe, ndipo ine si Mulungu woti ndingameretse nsalu. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti basi apeza mwana wina wa kuchikazi amene ali ndi diresi lake kale, ndipo anatsetsereka. Sungeni sanalire. Anavula diresi, analipinda bwinobwino monga ndinamuphunzitsira, anaika kadengu pamwamba pake, n'kunditsanzika mwaulemu. Chisangalalo changa chinathera pomwepo. Ndikanakonda akanalira.

M'mawa mwake Tikondwe anafika ndi beseni la mandasi pamutu. Analitula, anakwera pa mpando uja, n'kutsitsa velo ndi manja ake. Pamene inali panatsala chigamba choyera pakhoma, kwina konse kuli fumbi. Anaichotsa m'pulasitiki, anaiyala pa tebulo langa, n'kundipatsa sizasi.

"Dulani apa, Anti. Mulumikize m'munsi mwa diresi la mwana."

Ndinakana. Ndinamuuza kuti wapenga, kuti velo imeneyo tikhoza kuigulitsa, kapena kuisunga poti amuna sanathe padziko, ndipo kuti sindingakongoletse ukwati wa munthu amene wamuchita chipongwe chotere. Ndinalankhula zambiri, poti pakamwa panga sipachedwa. Iye anangodikira kuti mpweya undithere.

"Ine ndinkadikira mwamuna, umenewo ndi uchitsiru wanga," anatero. "Mwanayu ankadikira diresi. Alivale."

Ndasoka zaka zambiri, ndadulapo nsalu za eni zodula osaphethira. Tsiku limenelo ndinayeza katatu ndisanadule. Ndinadula mbali ya timikanda ija, n'kuisoka m'mizere yosanjikizana kuyambira m'mawondo mpaka mu akakolo. Nditamaliza ndinatukwana chamumtima, chifukwa diresilo linakongola kuposa mmene linalili poyamba. Tikondwe anatuma uthenga kwa a Binwell kuti diresi latheka, ndipo iwo anayamikira osafunsa kuti latheka bwanji. Chotsala cha velo anachipinda n'kupita nacho.

Ku ukwatiko sanandiitane, koma ndani amaitanidwa ku ukwati kuno? Ndinavala chitenje changa chabwino n'kukakhala kutsogolo, pamalo a akuluakulu. Kwaya itayamba, Sungeni analowa. Mapazi awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, dzanja likupotokola, maluwa a mpanda wanga akugwa pansi. Sanayang'ane munthu. Sitepe imeneyo anali ataiyeserera theka la moyo wake, ndipo timikanda tinkangophethira m'miyendo mwake.

Mbali ya kuchikazi, anthu a ku Chinguluwe, inalulutira. Kumbali ya ku Senga Bay kunong'ona kunayenda benchi ndi benchi ngati moto wa m'tchire. Panalibe munthu wa kwathu amene sanadutsepo pansi pa lesi ameneyo. Wa kabaza wina amene ankasuzumira pawindo analephera kudzigwira, anafunsa mnzake mokweza ngati si ya pa Velo ija. Amayi a kupirira aja anayamba kufufuza nyimbo m'mabuku, ena atawagwira chadodolido.

A Binwell anatembenuka kuti amwetulire mwana wawo. Maso anatsika kufika m'munsi mwa diresi n'kukakamira pomwepo. Nsaluyo anasankha okha, sakanaiiwala. Thukuta linayamba kuwatsika m'khosi, ndipo pa malumbiro abusa anachita kuwabwerezera funso.

Ku holo, perekani-perekani ali mkati, Jenifer anakodola Sungeni. Ine ndinali pafupi, poti ndinadzipatsa ntchito yokonza mchira wa diresi la mkwatibwi. Jeniferyo sindimuda, anali waulemu, ndipo zikuoneka kuti anamuuza kuti za mayi a mwanayo zinatha kalekale. Anagwira lesi uja, anamuyerekeza ndi velo yake yobwereka imene inali itayamba chikasu, n'kufunsa mwanayo kuti nsalu yokongola chonchi anaipeza kuti.

"Ndi velo ya amayi," anayankha Sungeni. "Adadi anatumiza kuti adzavale pa ukwati wawo. Yakhala ikudikira kwa agogo Sikola, koma amayi ati sakuifunanso."

Anayankha mosangalala, ngati mwana amene wakhoza funso m'kalasi. Jenifer anasiya nsaluyo pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali osaphethira. A Binwell anapeza chochita ndi tayi. Ukwati unapitirira, poti mpunga unali utaphikidwa kale ndipo nyimbo zinkalira, koma mkwatibwi sanavinenso. Zimene anakambirana atafika kunyumba sindikuzidziwa. Walira mvula walira matope.

Sindinadikire keke. Ndinatsikira ku matandala, kumene ndinapeza Tikondwe atakhala pa chidebe chake pakati pa fungo la usipa ndi ntchentche zake. Beseni la mandasi linali lovindikiridwa ndi chotsala cha velo.

Sanafunse za mkwati, kapena za mkwatibwi, kapena zimene anthu ananena. Anangofunsa ngati mwana anavina bwino. Ndinamuuza kuti sanaphonye sitepe ngakhale imodzi, ndipo holo yonse inkayang'ana iye. Anagwedeza mutu, anayang'ana kumbali kanthawi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatukula velo, ananditolera mandasi awiri, n'kunena kuti nsalu za ku Joni n'zabwino ndithu, ntchentche sizilowa.

Anandionetsa pamene ndinadula paja, kuti payamba kusosoka, ndipo anandipempha kuti mawa ndimupindire. Ine ndi chizolowezi changa ndinafunsa ngati ndisiye mpendero waukulu.

"Ayi, Anti, pindani pang'ono basi," anatero. "Palibenso chimene tikudikira."