Mabowo pa Thanki Yabodza

Mahuna atangoima, mphuno yake inasanduka wapolisi. Chilichonse chinkamununkha: anyezi, sopo, mafuta ophikira, koma chachikulu mwamuna wake yemwe. Sedjro anali wa zemu, kabaza wa njinga yamoto muno mu Cotonou, wokhala ku dera la Akpakpa, ndiye tsiku lonse ali mu utsi, malaya ake achikasu a ntchito atamwa kpayo, petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu. Asambe, asambenso, akangoti phazi m'nyumba, mkazi uja liwiro kuseri kukasanza. Mapeto ake amayi ake a Mahuna anabwera kudzamutenga, ulendo wa kwawo ku Godomey.

"Ukasiya kununkha ngati botolo la kpayo udzabwere udzamutenge," anatero apongozi aja ali pakhomo, chikwama cha mwana wawo chili pamutu. "Apo ayi, mwanayu abadwira kwathu, mano akamerera konko."

Mawu amenewo sanamugonetse mfana. Anagulitsa njinga yakale ija, n'kutenga yamagetsi. Yatsopano, yonyezimira, yopanda utsi, yopanda phokoso, batire ikatha umangokasinthitsa ina basi. Pomwepo foni kukhutu.

"Loweruka ndikubwera. Longedzeratu."

"Ikhale ndi poyedzamira," anatero Mahuna. "Msanawu si wanganso. Ndipo ukabwere wopanda fungo, ndili siriyasi."

Lolemba m'mawa Sedjro anali kale pashedi ya Fofo Dansou, mkulu wogulitsa ndi kumangirira zida za njinga. Anzake a zemu anali pomwepo pabenchi, akudya nyemba ndi gari, ufa wa chinangwa wokazinga, ndipo atangomuona akulowa mwakachetechete anayamba.

"Aise, yafa kapena ikugona?"

"Wagula firiji ya matayala uyu!"

"Uziimba wekha ndi pakamwa, vuuum vuuum, anthu adziwe kuti kukubwera munthu."

Sedjro anangowadutsa. Maso anali pa zinthu zolendewera kudenga la shedi, ndipo zambiri zinkangomunyansa. Mahutala olira ngati bulu wodwala. Tinyali tophethira ngati pabala. Zovundikira chishalo zaubweya, zofiira, fumbi lokhalokha, ngati galu wa azungu wogundidwa ndi lole.

"Tenga chaubweyachi," anatero Fofo Dansou. "Madamu akakhala, sadzafunanso kutsika."

"Fofo, chimenecho thukuta la anthu likalowamo ndidzachichapa ndi chiyani? Ayi. Ndipatseni chachikopa chosalalacho, siponji yochindikala mkati."

Anasankha bwino, zimenezo tisamunamizire. Poyedzamira pofewa. Zopondera zazikulu, zoti munthu wa mapazi otupa aponde mosavuta. Pofika pa helemeti yachiwiri, Fofo anatulutsa ina pansi pa tebulo, ati yangovalidwa pang'ono. Sedjro atasuzumiramo anaona mafuta a tsitsi la eni ake atauma mkati, timatsitsi titamatirira. Anaibweza msanga, akupukuta zala pa thalauza.

"Yatsopano, Fofo. Ya mupepala."

"Eee, mwana wa Akpakpa wayamba sitayilo! Chabwino bwana. Nanga Tanti Ablawa uwatani?"

Funso limenelo linamuimitsa. Tanti Ablawa anali kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku, mayi wa nsomba, kuchokera kudoko kupita kumsika wa Dantokpa m'mawa uliwonse. Iwo kumbuyo, beseni la nsomba kutsogolo, pa thanki, pakati pa mikono ya woyendetsa, monga achitira wa zemu aliyense. Koma panjinga iyi thanki ndi yabodza. Ndi kabokosi chabe ka pulasitiki, kachivundikiro, kosungiramo tinthu. Koterera ngati sopo. Beseni silingakhazikike.

Fofo Dansou anagogoda kabokosi kaja ndi chala, nkhope ikuwala ngati waona mkazi wokongola.

"Iwe, ukudziwa kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikulakalaka kubowola thanki? Kumanga kaliyala yeniyeni kutsogolo, ya mabauti, osati zomanga ndi mphira izi. Koma petulo, mphwanga. Ukangoti ubowole, phuuu, maliro. Tsono apa mulibe kanthu! Ndi mphepo yokha!"

"Sizionongeka?"

"Chionongeke n'chiyani? Batire ili pansi uko. Ndakulera ine panjinga, lero uzindifunsa mafunso?"

Makina obowolera analira. Tinyenyeswa ta pulasitiki tinagwa pansi, ndipo Sedjro anayang'ana kumbali ngati akubaya mwana wake jekeseni. Kaliyala yachitsulo inakhala pamwamba pa chivundikiro, mabauti kulowa m'mabowo, Fofo kumanga ndi sipanala mpaka kulira kwii. Mabowo aja anakula pang'ono kuposa mabauti, koma Fofo anati ndi bwino choncho, chitsulo chizipuma.

Pobwerera Sedjro anadzera kwa amayi ogulitsa nsalu, n'kugula chitenje chabwino, chobiriwira cha timbalame tagolide, mphatso ya Mahuna. Anachipinda bwinobwino, kutsegula thanki yabodza ija, kuchiika mkati, kutseka. Mvula isachipeze, fumbi lisachione. Anadziuza kuti adzatsegula Loweruka, pamaso pa apongozi, aone kuti mkamwini wawo si wamasewera.

Lachiwiri kudoko, Tanti Ablawa anaizungulira njinga ija, manja m'chiuno.

"Mwana wanga, iyi ndi njinga kapena mzukwa? Sikutsokomola n'komwe."

"Kwerani Tanti, muone."

Beseni linakhala pakaliyala ngati linabadwira pomwepo. Nsomba fulu, ayisi pamwamba, chiguduli chonyowa chitaphimba. Ulendo. Panjira maenje a masiku onse, beseni kukhutukira pang'ono uku, pang'ono uko, madzi ofiirira a mamba ndi magazi akutsikira m'mbali. Zimenezo sizinamudetse nkhawa Sedjro. Wakhala akunyamula nsomba kuyambira kale, ndipo madzi amenewo ankangotsetsereka pa thanki, kugwera pa injini yotentha, tsss, kuuma, nkhani yatha. Anangopukuta pamwamba ndi kansanza atafika, n'kupitiriza ntchito.

Lachitatu chimodzimodzi. Koma dzuwa litakwera, ataima pamaloboti, anamva kafungo. Kakang'ono, kozembera, ngati khoswe wafera kudenga kwa neba. Anayang'ana ngalande ya m'mbali mwa msewu, yakuda bii, mapepala ndi zonyansa zikuyandama, n'kulavula.

"Ndiye kuti tauni ino imanunkha chonchi?" anadandaula kwa anzake pabenchi. "Utsi unkatibisira zambiri. Mphuno yanga yatseguka tsopano."

"Yatseguka ya ife tomwe," anatero mmodzi akusendera kutali. "Aise, khala uko."

Lachinayi zinafika poipa. Ananyamula mayi wina wa suti, wa kuofesi, zidendene zazitali. Akuyenda zinali bho, mphepo inkatenga zonse. Atangoima pamzere wa magalimoto pamlatho, mayi uja anayamba kuzunguzika kumbuyo.

"Abambo, mwanyamula chiyani?"

"Ndi nyanjayi madamu, madzi aphwa."

"Nyanja ndimaidziwa ine. Imani nditsike."

Kosinthira mabatire, mtsikana wolandira anthu anagwira ntchito yake ndi dzanja limodzi, lina lili pamphuno. Ntchentche zinayamba kumuperekeza. Akaima, izo zafika, zobiriwira zija zonenepa, kutera pamagalasi, pamikono, ina mpaka pamlomo. Sedjro chakudya chinamukanika. Akati aike akassa, kansima kowawasa ka chimanga, mkamwa, fungo lija lili pakhosi kale.

Lachisanu atangotsitsa Tanti anawauza kuti mawa apeze wina, iye ali ndi ulendo waukulu. Ndiye anagwada pansi ndi ndowa. Anatsuka matayala, anatsuka chishalo, anakwecha kaliyala ndi burashi mpaka zala kutupa, anathira mandimu, anathira sopo waufa. Malaya achikasu anawanyika. Nsapato anazitaya kumene. Thanki yokha ndiyo sanaitsegule, poopa kuti manja onyowa angadetse chitenje. Komanso munthu amatsegula thanki pofuna kuthira petulo, ndipo sabata yonse dzanja lake linali lisanapiteko. Pomaliza njinga inkanunkhira mandimu. Pansi pa mandimupo panali kanthu, koma iye anati ndi mphuno chabe yasunga zakale.

Loweruka anasamba ngati mkwati. Malaya oyera, opanda perefyumu, poti nayo Mahuna imamudwalitsa. Helemeti yatsopano ili m'pepala lake. Msewu wa ku Godomey anauyenda mtima uli m'mwamba, mphepo ikumuwomba, osamva kalikonse. Anaimika njinga pabwalo la apongozi, padzuwa penipeni, kuti inyezimire bwino anthu aione.

Apongozi anatuluka okha poyamba. Anamuyandikira, kumununkhiza paphewa, kumununkhiza m'manja ngati akugula nyama.

"Hmm. Wayesetsa."

"Zikomo Maman."

"Mahuna! Tuluka udzaone mwamuna wako, wasanduka munthu."

Mahuna anatuluka pang'onopang'ono, dzanja kumsana, mimba patsogolo, kandimu kodula m'dzanja lina. Anafika pafupi mochenjera. Anakoka mpweya pang'ono. Anakokanso. Kenako anatsamiritsa mutu pachifuwa cha Sedjro, chinthu chimene anali atasiya kalekale, ndipo mfana uja anangoti duu, kuopa ngakhale kupuma.

"Chikwama chili pakhomopo," anatero Mahuna. "Tiye ndione poyedzamira panga."

Anakadina siponji ndi chala, n'kugwedeza mutu. Anaponda chopondera. Koma apongozi anali ataima chapatali, mphuno m'mwamba.

"Pali chakufa penapake pano. Ndi anthu a mpanda uwo, atayanso matumbo a nkhuku. Anthu auve!"

Sedjro anaona kuti nkhani ingapite kwina, ndiye anafulumira. "Dikirani Maman, pali kanthu kena. Mahuna, tseka maso."

Anakoka kachitsulo kotsegulira thanki ija, n'kutukula chivundikiro pamodzi ndi kaliyala yake.

Abale inu. Fungo linatuluka m'menemo linali ngati lili ndi manja. Lotentha, lolemera, la nsomba yovunda imene yaphikidwa ndi dzuwa m'bokosi lotseka. Madzi onse a beseni la Tanti ankatsata mabauti, kulowa m'mabowo, n'kukhala. Chitenje chinali chitamira mu msuzi wotuwa, wa thovu m'mbali. Timbalame tagolide tija tinkaoneka ngati tikuyenda, koma zinali mphutsi, zoyera, zonenepa, zikupiringizana pamwamba pa nsalu, zina zikukwera m'mbali kufuna kutuluka. Ntchentche zinachokera kumene zinachokera, wuuu.

Mahuna anali atatsegula kale maso, ndipo anali atawerama kuti aone mphatso yake. Sanathe n'kutembenuka komwe. Zonse za m'mawa zinatuluka, pachishalo chatsopano, papoyedzamira, pa helemeti ya mupepala. Anagwada pamchenga akusanzabe, misozi ili chuchuchu, mpaka kutsala ndulu yokha.

"Tseka! Tseka chinthucho iwe!" anakuwa apongozi, nsalu ili pakamwa.

Sedjro anatseka mwamphamvu, msuzi uja n'kuthovokera m'mabowo, kumuwazikira pamalaya oyera. Anatembenukira kwa apongozi, maso atafiira.

"Maman, ndi mabowo chabe, Fofo Dansou ndi amene anati..."

"Fofo Dansou ndiye anakwatira mwana wanga? Petulo ankanunkha, inde, koma analibe mphutsi! Unkafuna umukweze pamanda a nsomba, ndi mimba imeneyi, mpaka ku Akpakpa?"

Anthu a mpanda wina anali atayamba kusuzumira, ena atagwira mphuno, ena akuseka. Apongozi anadzutsa Mahuna, kumupukuta pakamwa, n'kumulowetsa m'nyumba. Pobwera anatola chikwama chija pakhomo, nacho kuchilowetsa.

Sedjro anapita pawindo. "Mahuna. Ndikachotsa kaliyala lero lomwe. Ndikasintha kabokosi konse. Mawa ndibwera."

Mawu otopa a Mahuna anatuluka mkatimo.

"Ndikangoiona njinga imeneyo ndizisanza, ngakhale uitsuke ndi chiyani. Zalowa m'mutu. Ndichirira konkuno, Sedjro. Uzibwera kudzationa, koma izo uziziimika kumsewu." Anapuma pang'ono. "Choka pawindopo, malaya akowo."

Anabwerera panjinga. Pokhala panalibe, chishalo chonse chinali chonyowa, ndiye anangoigwira pamahandulo n'kuyamba kuikankha, nkhope atatembenuzira kumbali, ntchentche zikumutsata. Asanatuluke n'pageti pomwe anamva khwaaa kumbuyo. Apongozi anali atakhuthula ndowa ya madzi a sopo pamene panaima njinga paja, ndipo anali akukwecha mchengawo ndi tsache.