Mpando wa Pamsewu

Kwathu ku Pittsburgh, ukachotsa chipale chofewa chogwa m'nyengo yozizira pamalo oimika galimoto n'kuikapo mpando, malowo ndi ako. Ngakhale mwana amadziwa.

Lamlungu lina pochokera kutchalitchi, ndinapeza mpando wanga ataugwetsera kumbali. Pamalopo panali galimoto ya a Wojcik, aneba anga amene amandiseka ndikawaitanira ku mapemphero. Mtima unawira. Ndinatenga fosholo kuti ndiikwirire galimotoyo mpaka denga, monga timachitira kuno.

Nditatapa chipale, maso anagwera pa Baibulo langa, lomwe ndinali nditalitsamiritsa pagalasi la galimoto yawo. Ndinatsonya, n'kutembenuka kukakumba malo ena oimikapo galimoto yanga kutsogolo. Msana unachita kuyaka moto.

Kenako a Wojcik anatuluka ndi makapu awiri a khofi.

"Mayi Loretta, ndimakusuzumirani pawindo," anatero. "Ndimafuna ndione ngati anthu a Yesu nawonso amakwirira."

"Panatsala pang'onong'ono, bambo inu!"

"Ndinaona." Anandilanda fosholo. "Khalani pansi, ndimalize ndine."

Ndinadzutsa mpando uja n'kukhalapo, mtima uli m'malo. Fosholo imodzi ija ikanakwirira zambiri, osati galimoto yokha.