Eriyo ya Apongozi

A Pearson Msiska anali atakumbatira nsungwi kuseri kwa nyumba, eriyo yatsopano ya kanema atamangirira pamwamba, waya atalowetsa pawindo. Ku Chiweta phiri limatchinga, ndiye nsungwi umachita kuipotokola pang'onopang'ono, wina ali m'nyumba kuti akuwe chithunzi chikabwera.

Wokuwayo kale anali malemu NyaGondwe, mkazi wawo. Mayi uja pakamwa! Akati, "Pomwepo, iwe mdala, usapume!" ndi asodzi omwe kunyanja ankatembenuka. Masana amenewo pakanema ankabwereza kwaya ya amayi a Umanyano imene NyaGondwe anaimbamo asanamwalire, ndipo mdalayo anali asanaionepo.

Tsono m'nyumba munali Rahab yekha, mkazi wa mwana wawo. Mkamwana wa kwathu kuno angakuwire apongozi aamuna? Olo kuwayang'ana kumaso sayerekeza.

Chithunzi chinabwera. Rahab anamanga chitenje bwinobwino, kutuluka, kuzungulira nyumba, kugwada chapatali.

"Adada, chinabwera."

"Chilipo?"

"Chinalipo, adada."

Mdala anali atapotokola kalekale. Mwana wa eni anangokhalira yomweyo, kulowa, kutuluka, kugwada, mpaka mawondo anatuwa ndi fumbi.

"Mama, ulemu wakowu utionetsa mpunga wokhawokha pakanemapo," anatero a Pearson. "Amako NyaGondwe akanakhalapo bwenzi atanditukwana kale, chithunzi chili mbee. Kuwa!"

"Anthu amva, adada."

"Amve! Nyumba ino yakhala chete mokwana."

Rahab analowa. Timadontho tija tinayamba kuchepa, kenako panatulukira malaya oyera, ndipo pamzere wachiwiri, si NyaGondwe uyo, duku litapendekeka ngati kale!

"Pomwepo! Musagwedezeke! Ndati musagwedezeke, adada!"

Anadzigwira pakamwa mawu atatuluka kale. Kunjako mdala anaseka mpaka kutsokomola. Koma atangosiya nsungwi kuti alowe, mphepo ya kunyanja inaitembenuza, chithunzi n'kuthawa. Anathamangira kuigwiranso.

"Ndikasiya achoka," anatero motsitsa mawu. "Ingokweza, mama, ndizimvera konkuno."

Rahab anakoka tebulo ndi kanema yemwe mpaka pawindo, n'kukankhira katani pambali. A Pearson anaonera ali panja, manja ali pansungwi, dzuwa likuwotcha dazi.

"Yewo, mwana wanga," anatero, maso osachotsa pagalasi. "Taona, wayambitsa nyimbo anzake asanatsegule pakamwa. Kupupuluma kwa mayi ameneyu!"