Lendi Kapena Ulemu

Chikwangwani chofiira chinamera pakapinga Kalesita ali ku ntchito. M'mawa anasiya pabwalo pali mbee, madzulo anapeza chitazikidwa pafupi ndi mpanda, chili ndi mawu akuluakulu oti AYI, ndipo m'munsi mwake: Nyumba yanga, ufulu wanga. Anaima pageti chikwama chili m'manja, akuchiyang'ana. Iye ndi mwamuna wake Sitaleki anali atakhala m'nyumbamo kuyambira mwana wawo Lesieli akukwawa, ndipo tsopano Lesieliyo ukwati wake unali pakhomo. Koma nyumbayo inali ya a Meleane, mlongo wake wamkulu wa Sitaleki, ndipo chikwangwani sichidzibzala chokha.

Chaka chimenecho katauni kawo ka kumwera kwa San Francisco kanali katang'ambika pakati. Pa chisankho panali funso loti pakhale lamulo loletsa eni nyumba kukweza lendi mmene afunira, kapena kutulutsa munthu wopanda mlandu. Ochita lendi ankapachika zikwangwani zobiriwira za INDE, eni nyumba zofiira. Ngakhale kutchalitchi kwawo kwa anthu ochokera ku zilumba za Tonga nkhaniyi inalowa osagogoda. Amene anabwera kale n'kugula nyumba zikadali zotchipa anasiya kumwetulira amene anabwera mochedwa, ndipo abusa, poopa kuponda mchira wa wina, ankangolalikira za Yona sabata ndi sabata.

Chimene chinkamusowetsa tulo Kalesita si zikwangwanizo ayi. Eni nyumba ambiri sankadikira tsiku lovota. Ankatulutsiratu anthu lamulo lisanawamange manja, ndipo banja lina la mumsewu wawo womwewo linali litayamba kale kugona m'galimoto, matiresi ali padenga. Ndiye tsiku lina kunabwera bambo wina wa tayi, wooneka ngati wogulitsa nyumba, amene anazungulira nyumbayo akuyeza makoma, n'kuchoka osapempha ngakhale madzi akumwa. Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse ikaima panja, mtima wa Kalesita unkaima nayo limodzi. Ankagwira ntchito yosamalira gogo wina wachizungu, ndipo sabata imeneyo anam'thirira mchere mu tiyi.

Araceli, mnansi wake wa ku Mexico amene ankayenda khomo ndi khomo kukopa mavoti a INDE, anamulimbitsa mtima kuti lamulo likangodutsa palibe adzamugwedeze. Kenako anafunsa za pepala la mgwirizano. Kalesita analibe. Malisiti? Analibe. Araceli anagwira pakamwa, n'kunena kuti zilibe kanthu, mawu apakamwa nawonso ndi mgwirizano, bola mwini nyumba avomere kuti ndalama zimene amalandira ndi lendi. Koma akakana, ndiye kuti pamaso pa lamulo iwo ndi achibale ongosungidwa, ndipo wosungidwa amachoka tsiku limene womusunga watopa.

Araceli sakanamvetsa. Kwa anthu a kwawo kwa Kalesita, mlongo wa mwamuna ali pamwamba pa mwamunayo ndi ana ake onse. Mwamuna satukwana mlongo wake ali pafupi, sakhala pakama pake, samubweza mawu. Pa ukwati ndi pa maliro a ana ake, mlongoyo ndiye fahu: amakhala pampando waulemu, ndipo mphatso yabwino koposa imapita kwa iye. Ndiye munthu wotere n'kumupempha lisiti ngati wa pagolosale? Mwezi uliwonse ndalama zinkapita ndithu, osajomba, koma zinkapita mu envelopu yobisidwa pansi pa dengu la zilazi ndi chinangwa, ndipo dzina lake silinkatchulidwa.

Kalesita anayesa mwamuna wake. Sitaleki ankagwira ntchito yodula mitengo, ankakwera mabulugamu aatali makina ali m'chiuno, anthu pansi atagwira mitima. Koma atamva zoti akapemphe pepala kwa a Meleane, anatuluka thukuta ngati wamva mkango.

"Iwe, ukufuna anthu azindiloza zala mpaka kumanda? Achemwali sangatitaye."

"Nanga watayi uja amayeza chiyani, bokosi lako? Mumtengo ndiwe mwamuna, kwa achemwali ako ndiwe nkhuku yonyowa."

Sitaleki anangotenga chipewa n'kupita kukanola makina amene anali akuthwa kale.

Choncho Kalesita anaganiza zake. Ananyamula matiresi n'kutulutsa chiwondo cha malemu mayi ake, nsalu ya khungwa la mtengo, chimene kwawo amati ngatu, chachitali moti chikanakuta bwalo lonse, chojambulidwa nkhunda ndi masamba ofiirira. Mayi akewo anachisula ndi manja awo kwawo ku Vava'u, ku Tonga, ndipo ankachisungira ukwati wa Lesieli. Anati achipereke kwa a Meleane pa chakudya cha Lamlungu, mtima wawo ukafewa awatsatire kukhitchini n'kupempha kapepala kamodzi, anthu asakumva. Anachipinda mosamala, n'kuyambiranso kangapo mpaka chinakhala bwino.

Lamlungulo kunyumba kwa a Meleane kunadzaza. Panali nkhumba yowotcha, abusa, akulu a mpingo, ndi amuna awo a Meleane ali panjinga ya olumala pakona, malovu akutsikira pathaulo chifukwa cha sitiroko. Mwana wawo Saia ankazungulira ndi foni akuulutsa zonse kwa abale a kuzilumba, monga zinkachitikira pa phwando lililonse. Kalesita anaona kuti alamu ake aonda, maso alowa mkati. Apa m'pamene anazindikira kuti nawonso sakugona. Wina anali atawauza kuti lamulo likadutsa nyumba ija sadzaigulitsanso pamtengo wabwino, pamene chipatala cha amuna awo chinali chitawadya mpaka mafupa. Kalesita anaopa kwambiri, chifukwa munthu wankhanza umatha kumudandaulira, koma wamantha samva.

Anagwada, n'kukankhira chiwondo kumapazi awo. Amayi anang'ung'udza posirira, Saia anayandikira ndi foni yake. A Meleane anasisita chiwondocho nthawi yaitali osadzutsa mutu.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, koma m'chipinda monse munali zii. "Ndamva kuti mumsewu mwanu anthu akuti inu ndi mlongo wanga mumachita lendi kwa ine. Ndiye ndifunse pamaso pa abusa. Chiwondo ichi, ndi madengu onse aja, munkandilipira kapena munkandilemekeza?"

Kalesita anali akadali chogwada. Anadziwa pompo kuti funsolo wawaphunzitsa ndi bambo wa tayi uja, koma msampha anali ataubweretsa yekha, ataupinda bwinobwino. Mawu oyenera anali nawo pakamwa, amodzi okha, ndipo Araceli anali atamubwerezetsa. Koma kunena kuti lendi, pamaso pa mpingo ndi abale onse oonera kutsidya la nyanja, kunali kunena kuti zaka zonsezo Sitaleki sanapatsepo mlongo wake kanthu, ankangogula denga. Kunali kunenanso kuti pa ukwati wa Lesieli mpando wa fahu udzakhala wopanda munthu, anthu n'kumadzaunena mpaka kwa zidzukulu. Anayang'ana mwamuna wake. Sitaleki anali atazyolika, akuyang'ana zala zake za kumapazi. Anayang'ana Lesieli, amene anali ataima pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja, maso ali mwaa.

"Unali ulemu, alamu," anatero Kalesita.

"Sindinamve bwino, mwana wa kwathu."

"Unali ulemu. Sitinakulipireniponi lendi ife."

Abusa anati ameni, amayi anaomba m'manja, ndipo pafoni ya Saia timitima tofiira tinkakwera kuchokera ku Vava'u. A Meleane analira misozi yeniyeni, anamukumbatira Kalesita, n'kumunong'oneza kuti amukhululukire. Kalesita anadya nkhumba ija osaimva kukoma, ndipo kukhitchini sanapiteko.

Saia anabwera mkati mwa sabata, ataweramitsa mutu ngati mwana wotumidwa kukapempha moto, kudzanena kuti nyumba yapeza wogula ndipo amalume achoke mwezi ukamatha. Araceli anamukokera Kalesita kwa mayi wina wothandiza anthu osauka pa milandu ya nyumba. Mayiyo anamvetsera mwachidwi, akulemba, mpaka pamene anaonetsedwa kanema wa Saia uja. Anamuonera kawiri, anavula magalasi, n'kunena kuti angathe kuyesa, koma mboni yaikulu ya a Meleane ndi Kalesita mwiniwake. Sitaleki atamva zoti pangakhale mlandu ndi mlongo wake, anati bola akagone mumtengo.

Tsiku lovota Kalesita anapita ndithu, anachonga INDE mwamphamvu mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola pepala. Pobwerera anadutsa pamalo oimika magalimoto kuseri kwa tchalitchi, pamene banja lija linkagona. Anadzipeza akuyeza ndi maso ngati thiraki ya Sitaleki ingakwane pambali pawo, ndipo anafulumira kuchokapo.

M'mawa mwake magalimoto ankaliza mahutala mumsewu monse. Araceli anafika akuthamanga, tsitsi lili nyankhalala, anazula chikwangwani chofiira chija n'kuchiponya mumsewu, kenako analowa osagogoda. Kwa kanthawi chisangalalo chinali chitamuiwalitsa zonse.

"Tapambana, nebala! Tapambana!"

Anamupeza Kalesita atakhala pansi pakati pa balaza, akukulunga mbale m'manyuzipepala. Zithunzi zinali zitachotsedwa kukhoma, patatsala misomali yokha. Kudzera pachitseko cha kuchipinda matiresi ankaoneka ataimikidwa, pansi pake palibe kanthu.

"Ndamva, mwachita bwino," anatero Kalesita osadzutsa mutu. "Kwanuko mulibeko makatoni otsala? Ndipo chikwangwanicho mukachibwezere pamene chinali. Alamu akubwera masana kudzakambirana za ukwati."