Rauta ya Nyanga Imodzi

Ana a achimwene anga anasiya kubwera kwanga Lamulungu. Chifukwa chake ndinachimva kwa Namwino, woyamba kubadwa, amene pakamwa pake palibe chitseko.

"Azakhali, sikuti sitikukondani. Kwanu kulibe wayifayi."

Ndinapirira imfa ya amuna anga, ndinapirira kuguluka kwa mano, koma izi zinandibaya. Nyumba yonseyi tizikhalamo awiri, ine ndi wotchi yapakhoma?

"Amagula kuti wayifayiyo?"

Namwino anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za timabokosi totchedwa rauta, togulitsidwa pa intaneti. Ina inali ya nyanga zinayi ngati mpando wogadabuzika, mtengo wake woumitsa malovu. Pansi pake panali kena ka nyanga imodzi, mtengo wakale ataudula ndi mzere wofiira. Zilembo zimandizunguza mutu, koma mzere wofiira ndimaudziwa.

"Dina kameneko."

"Anthu amene anagula alemba apa kuti n'kofooka."

"Nanenso ndine wofooka. Tizimvana."

Patatha masiku anayi, wanjinga yamoto anabweretsa chikatoni chachikulu chodzaza mapepala, pakati pake kabokosi kolingana ndi sopo wochapira. Ndinaitana Wamagetsi, mlongo wake wa Namwino. Anaikamo kakhadi, n'kukalumikiza kumagetsi, ndipo timaso tobiriwira tinayamba kuphethira. Kenako anayamba kuyenda chambuyo, foni ili m'mwamba. Atangofika pakhomo la kukhitchini anapukusa mutu.

"Yathawa kale. Akuberani, azakhali. Kameneka sikangadutse ngakhale katani. Tikabweze, ogulitsa amalola."

"Kamafika pati?"

Anajambula ndi phazi pansi. Utali wa mphasa imodzi basi.

"Usakakhudze," ndinatero. "Undipezere chingwe chachitali, chokhala ndi batani lozimitsira."

Atabweretsa chingwecho n'kupita, kabokosi kaja ndinakalowetsa kunsi kwa mpando wanga, n'kukaphimba ndi nsalu, batani lija lili pafupi ndi chidendene.

Lamulungu lotsatira anabwera onse, ndi ana awo omwe. Moni anapereka mofulumira, n'kubalalika. Wina pakhonde, wina kuchipinda, wina anakafika mpaka kubafa, mafoni ali m'mwamba ngati akusaka uchi. Ine ndinangokhala pampando wanga. Posakhalitsa anayamba kubwerera mmodzimmodzi, akusendera, akusendera, mpaka onse atakhala pansi mondizungulira. Namwino anachita kutsamira bondo langa.

"Apa ndiye ikugwira bwino," anatero.

"Imandikonda," ndinayankha.

Ndinayamba kufunsa za kuntchito. Zii. Ndinafunsa ngati Wamagetsi wapeza mbeta. Zii, mitu yonse ili pansi. Chidendene chinagwira ntchito yake.

"Yazima!" anakuwa onse.

"Imatero ikaona munthu wamkulu akuyankhula yekha. N'zotchipa izi, sizichedwa kupsa mtima."

Wamagetsi anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana phazi langa. Nane ndinamuyang'ana. 

"Mbetayo ilipo, azakhali," anatero pang'onopang'ono. "Imagwira ntchito kubanki."

Timaso tobiriwira tinayakanso. Tsiku limenelo ndinamva zonse: amene wakwezedwa pantchito, amene wakangana ndi apongozi, amene ali ndi pakati koma sananenebe. Ndinazimitsa kanayi kokha.

Mwezi utatha, Namwino anabwera atanyamula katoni, nkhope ili ngwee.

"Tasonkherana, azakhali. Takugulirani ija ya nyanga zinayi. Imeneyi ifika mpaka kugeti, munthu akhoza kukhala m'galimoto osalowa n'komwe m'nyumba."

Ndinaombera m'manja, n'kuwadalitsa mmodzimmodzi. Atapita, ndinaipititsa kuchipinda, n'kuikhazika pawindo pamene pamafika dzuwa.

Lamulungu Wamagetsi anaipeza pomwepo, chingwe chake chisanamasulidwe.

"Azakhali, simunailumikize?"

"Ikugwira kale ntchito. Sukuona?"

Nyanga zonse zinayi zinali zitavala masokosi anga, akuuma bwinobwino.

"Bwera ukhale pansi," ndinatero, "malo a pabondo asanathe. Mbeta ija wabwera nayo?"