Bambo Suggs Amayankha Moimba

Loweruka lililonse m'mawa, ine ndi Burl Tackett timakhala pa kawailesi kena kuno ku Memphis, kumvetsera zimbale zatsopano ndi kuuza anthu zoti agule ndi zoti azilambalale. Ine ndine Odessa Pruitt. Ndinakulira m'kwaya ya tchalitchi, ndipo khutu langa limakonda nyimbo za soul ndi zauzimu. Burl ndi mzungu wa kumapiri a Tennessee, munthu wa banjo, woti akayamikira chimbale mudziwe kuti wadzuka bwino. Anthu ambiri amatsegula wailesi kuti angotimva tikukangana.

Sabata imeneyo pamulu panali chimbale china chosakopa maso n'komwe. Pachikuto panali chithunzi cha mpando wapakhonde, ndi mayina awiri: Elbert Suggs ndi Lavonne Suggs, a ku Senatobia, Mississippi. Tinali tisanawamvepo, ndipo sitinapeze mpata wochimvetsera kunyumba. Tinangochiika pologalamu ili m'kati.

"Tiyeni timve agogowa ndi mpando wawo," anatero Burl. "Mukagona, Odessa, ndikudzutsani."

"Inu dzidzutseni nokha. Mwayamba kale kuyasamula."

Gitala inayamba yokha, yozama, yosathamanga. Kenako kunabwera mawu a munthu wachikulire. Nyimboyo inali ya mlimi amene waima pamtunda mtsinje utasefukira, akuitana ng'ombe zake imodziimodzi ndi mayina awo. Ndamvapo oimba ambiri a mawu okoma, koma awa anali ena. Liwu lililonse linkafika mochedwa pang'ono, ngati munthu amene wasenza chinthu chosweka kuchokera kutali ndipo akuchitula mosamala. Pofika pa dzina la ng'ombe yomaliza, imene sinabwere, tsitsi langa linali litaima.

Nyimbo itatha tonse tinangoti zii. Pa wailesi kukhala chete ndi mlandu, moti mkulu wa siteshoni anayamba kugogoda pagalasi.

"Odessa, nenani kanthu," Burl ananong'ona, kuiwala kuti dziko lonse likumva.

"Nenani ndinu. Si paja mumadziwa zonse?"

Burl anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Ndilibe mawu. Ibwerezeni."

Tinaibwereza. Mafoni anayamba kulira osalekeza, aliyense akufunsa kuti bambo ameneyu ndani, anali kuti nthawi yonseyi.

Lolemba ndinaimba nambala imene inali kuseri kwa chikuto. Anayankha Lavonne, mwana wa Bambo Suggs, yemwe ndiye amaimba gitala ija. Ndinapempha kuti tibwere tidzajambule macheza ndi bambo ake.

"Bwerani, mayi," anatero. "Koma Ababa sacheza kwenikweni."

"Palibe amene sacheza ndi ine," anatero Burl nditamuuza.

Tinafika ku Senatobia dzuwa lili paliwombo, kukutentha koti ndi agalu omwe sanadzuke kutiuwa. Lavonne, mayi wamsinkhu wapakati amene amagwira ntchito ku positi, anatilandira ndi mlamba wokazinga, chigumu ndi tiyi wozizira wa shuga. Bambo Suggs anali pakhonde, munthu wamtali, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Dzanja lawo lamanja linali gone pamwendo. Anatipatsa lamanzere.

Titatha kudya, Burl anatchera makina ake ojambulira n'kusendera pafupi.

"Bambo Suggs, tatiuzeni, kuimba kumeneku munakuphunzira kuti?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa. Milomo inagwedezeka, mitsempha ya pakhosi inatuluka.

"Eya," anatero. Anayesanso. "Eya... ndithu."

Burl anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana Lavonne.

"Ndi omwewo," anatero Lavonne. "Eya ndi ndithu. Sitiroko inawagwira zaka zingapo zapitazo, ali kukhola. Kale anali munthu wolongolola, dikoni woti akaimirira kupereka zolengeza abusa ankayang'ana wotchi. Atatuluka m'chipatala anatsala ndi mawu awiri amenewo."

"Nanga chimbale chija?" ndinafunsa. "Waimba uja ndani?"

"Ndi omwewa. Tsiku lina ndikutsuka mbale, ndinkang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndinangomva kumbuyo kwanga ndime yonse ikutuluka, liwu ndi liwu, mpaka ameni. Mbale inandipulumuka. Adokotala akuti zimachitika, akuti m'mutu kuimba kuli ndi njira yakeyake. Ndiye tinayamba. Chimene akufuna kunena amachiika pa nyimbo. Zimene munamvazo anapeka okha, pang'onopang'ono, pakhonde pano."

"Ngakhale akafuna mchere?" anafunsa Burl.

"Makamaka mchere."

Bambo Suggs anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope. Lavonne analowa m'nyumba n'kutuluka ndi gitala. Anayamba kuiliza pang'onopang'ono, kamayimbidwe kamodzi kobwerezabwereza.

"Musawafunse molankhula," anatero. "Liimbeni funsolo, iwo akutsatirani."

Burl anakonza pakhosi n'kuyesa. Mulungu amukhululukire, munthu ameneyu wakhala akudzudzula oimba moyo wake wonse, koma mawu ake ali ngati chitseko chadzimbiri. Asanamalize n'komwe, Bambo Suggs anatseka maso, phazi lawo lamanzere likugunda pansi, ndipo mawu aja a pachimbale anatuluka, athunthu, omveka:

"Mnyamata uyu muuzeni asiye, mkaka ungasase m'ng'ombe zanga."

Burl anagwera chagada pampando ndi phwete. Ine ndinaseka mpaka misozi. Munthu yemwe uja amene analephera kutulutsa mawu oposa awiri kamphindi kapitako, tsopano ankanyogodola mlendo mwaluso, pa nthawi yake, osaphonya kugunda kwa gitala.

Kenako ndinayesa ine. Ndinali nditasiya kalekale kuimba pamaso pa anthu, koma mawu anabwera. Ndinawafunsa za chigumula chija. Anayankha kuti chinachitikadi, ndipo ng'ombe yosabwerayo anaipeza patapita sabata itatsakamira pamtengo. Ndinawafunsa za mayi a kunyumba. Anaimba kuti anatsogola sitiroko isanabwere, ndipo zinakhala bwino choncho, chifukwa akanadandaula kusowa wokangana naye. Tinkalandizana chonchi, ine mzere, iwo mzere, ngati mtsogoleri wa nyimbo ndi mpingo. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anasiya kuyanika zovala n'kudzaima pampanda.

Kenako ndinaimba funso limene linkandivuta mumtima: pa zonse zimene kulankhula kunapita nazo, chimene achisowa kwambiri n'chiyani?

Anaweramitsa mutu, gitala ikuzungulira yokha. Ndinaganiza kuti ndawalakwira. Ndiye anaimba motsitsa:

"Ndasowa bodza, mwanawe. Bodza limafuna liwiro. Ine pofika poti ndalipezera nyimbo, limakhala litandichititsa kale manyazi."

Burl sanasekenso. Anangogwira chipewa chake ndi manja awiri.

Potsanzikana, Lavonne anatiperekeza mpaka pamasitepe. "Ndikupempheni chinthu chimodzi," anatero. "Za matendazi musanene pa wailesi. N'chifukwa chake sitinalembe pachikuto. Sindifuna anthu agule chifukwa cha chisoni."

Tinavomera. Koma kumbuyo kwathu phazi lija linayambanso kugunda, popanda gitala, ndipo mkuluyo anaimba:

"Auzeni, Lavonne mwanangu, auzeni. Alipo anzanga ali duu m'makonde, nyimbo zili m'kamwa, palibe wowayambira."

"Ababa, inu simudziwa mmene anthu alili."

"Eya," anatero mkuluyo, molankhula tsopano, akumuyang'ana m'maso. "Ndithu."

Lavonne anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino. Koma ayambe amva chimbale chonse, kenako muwauze."

Tinachita momwemo. Loweruka lotsatira tinasiya mulu wonse pambali n'kuika chimbale cha a Suggs kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Burl anauza omvera kuti pa zaka zonse zimene wakhala pampando umenewo sanamvepo chimbale chatsopano chonga ichi, ndipo amene sachigula asadzamupatsenso moni. Ine ndinanena za gitala ya Lavonne, mmene imadikirira bambo ake osawakankha. Pomaliza tinafotokoza za sitiroko n'kuika macheza a pakhonde aja. Sabata isanathe, chimbalecho chinali chitatha m'masitolo a nyimbo a mumzinda, ndipo Lavonne ankapakira yekha maphukusi ake ku positi.

Koma chimene chimandibwererabe ndi foni ina imene inalowa pologalamu ili pafupi kutha. Anali mayi wa kutsidya kwa mtsinje, ku Arkansas. Sanatchule dzina. Anati amuna awo sanalankhulepo chiwagwirire sitiroko nthawi ya Pasaka, ndipo ali nawo pomwepo m'khitchini, amva zonse.

"Ndiyambe ndi nyimbo iti, mayi?" anafunsa.

Ntchito yanga yonse ndi youza anthu nyimbo zoti amvere, koma apa ndinasowa chotchula. Ndinawauza kuti zatsopano azisiye, ayambe ndi imene amuna awowo ankaimba ali mwana.

"Ndikuidziwa," anatero mayiyo. "Amayi awo ankawaimbira powasambitsa."

Anaika foni pathebulo osaidula. Tinamva mpando ukukokedwa, kenako mawu a mayiyo akuyamba mzere woyamba. Nthawi yathu inali itatha, nkhani za masana zinkayenera kulowa, ndipo foniyo inaduka. Mayiyo sanatiimbirenso foni. Mpaka lero sindidziwa ngati bamboyo anayankha.