Ankhoswe Abwere, Makoswe Achoke

Utitiri unatilowera m'nyumba pamene tinkakonzekera chinkhoswe cha mwana wathu Alinafe. Ndikati utitiri musaganize kamodzi kapena tiwiri. Munthu ukangoponda m'chipinda, miyendo inkachita kuda mpaka m'mawondo.

Ine ndine Rute, ndimalima mpunga ku sikimu ya Lifuwu pamodzi ndi amuna anga, a Yesaya. Chaka chimenecho mpunga unatikomera, ndipo matumba tinawaunjika m'chipinda cha alendo poopa akuba. Koma makoswe akuda aja okonda m'denga anatsata fungo la mpunga kuchokera kuminda. Tinkagona akuthamangitsana pamwamba pathu.

Uthenga utafika woti abale a mkamwini wathu Wongani adzachoka ku Chinguluwe n'kudzagona kwathu, ine ndinavina pabwalo ndekha. Mwana wanga woyamba, chinkhoswe pakhomo panga. A Yesaya nawo anadzuka ndi mphamvu.

"Mayi a Alinafe, alendo sangagone ndi makoswe. Siyirani ine," anatero.

Anakagula poizoni pamsika, n'kusakaniza ndi usipa. Makoswe anafadi. Bambowa ankawanyamula kumchira ndi manja, kuonetsa aliyense wodutsa ngati agwira kampango. Ena anafera m'denga, ena kuseri kwa matumba. Posakhalitsa tonse tinayamba kudzikanda.

Alinafe ndiye zinamuvuta kwambiri. Miyendo yonse inali tizilonda tokhatokha.

"Amayi, azilamu anga akagona umu adzandinena moyo wanga wonse," anatero akulira. "Bola chinkhoswe chikachitikire kwa azakhali ku Maganga."

Mtima unandiwawa. Nyumba tinaumba njerwa zake tokha, lero ikanike kulandira apongozi chifukwa cha tizilombo tosaoneka bwino ndi maso? Ndinakana. Ndinamanga chitenje n'kuthamangira kusikelo, komwe ndinapeza a Habiba, mlangizi wathu wa zaumoyo. Atamaliza kuyeza ana, anakwera njinga n'kunditsatira.

Anasuzumira m'chipinda muja, nthawi yomweyo anabwerera m'mbuyo akukutumula siketi.

"Makoswe ndinathana nawo ine, alangizi," a Yesaya anayamba kudziteteza asanafunsidwe. "Utitiriwu wabwera ndi agalu a anthu."

"Ayi bambo, ndi wa makoswe anu omwewo," anayankha a Habiba. "Khoswe ali moyo, utitiri umakhala pathupi pake n'kumayamwa magazi. Akafa thupi n'kuzizira, umatsika kukasaka wina wofunda. Nanga wofunda m'nyumba muno ndani?"

Ndinawayang'ana amuna anga. "Mwamva? Mwapha landilodi, alendi asamukira kwa ife."

Ngakhale Alinafe anaseka misozi ili m'masaya. Koma a Habiba sanaseke nthawi yaitali.

"Kuyabwaku n'kochepa. Utitiri wa makoswe umatha kutenga matenda oopsa kwa khoswe n'kupatsira munthu. Wina akatentha thupi, mutu kupweteka, kapena mwanabere kutupa m'khwapa ngakhale m'mphechepeche, musati ndi malungo wamba n'kumagula mapilitsi pagolosale. Thamangani kuchipatala, mukanene kuti mwalumidwa ndi utitiri."

A Yesaya anayang'ana manja awo aja onyamulira makoswe, n'kuwabisa kumbuyo.

"Ndiye titani? Alendo akubwera Lachisanu," anafunsa motsitsa mawu.

"Mungathe, mukatsata ndondomeko. Utitiri poyamba, makoswe pambuyo. Inu munayambira kumchira."

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. Ndinaitana amayi anzanga a kumpingo amene anali atalonjeza kudzandithandiza kukonola mpunga wa chinkhoswe. Mitondo anaisiya kaye. Tinatulutsa mphasa, mabulangete ndi zovala zonse, kuchapa ndi madzi otentha n'kuyanika padzuwa la kuno lija loswa mtengo. Tinasesa paliponse, zinyalala n'kuzitentha. A Habiba anabwera ndi mankhwala ovomerezeka ophera utitiri, nathira m'ming'alu ya pansi, m'mphepete mwa makoma ndi m'njira za makoswe. Mpunga tinali titautulutsa kale, ndipo ana ndi nkhuku tinawaletsa kuyandikira. Pambuyo pake tinazira pansi, ming'alu yonse n'kutsekeka.

Makoswe akufa aja a Yesaya anawatola ndi fosholo, atavala majombo akumunda, n'kuwakwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Poizoni wotsala a Habiba anawalanda.

"Uyu amapha nkhuku, mphaka ngakhale mwana," anatero. "Komanso khoswe amakafera kobisika, inu osadziwa. Msampha ndiye wabwino, mumaona chomwe mwagwira."

Utitiri utachepa m'pamene tinatchera misampha. A Yesaya anatseka mauna onse, nalambula tchire lozungulira nyumba, nakhoma nsanja m'chipinda china chokhala ndi loko. Matumba anakhala pamwamba, osakhudza khoma, kutali ndi kogona anthu. Anagwira ntchito bambowa, ndisawanamizire.

Lachisanu madzulo alendo anafika, tinawalandira ndi nthungululu. Ndinawayalira mphasa m'chipinda cha alendo chija. M'mawa ndinalawirira kukawadzutsa ndi madzi osamba, maso anga ali pa miyendo ya aliyense. Panalibe wodzikanda ndi mmodzi yemwe.

"Mwagona bwanji, asewere?" ndinafunsa mayi ake a Wongani.

"Ngati kwathu," anayankha akudziongola. "Mtsikana wokulira m'nyumba yaukhondo chonchi, mwana wanga wapata."

Ndinathawira kukhitchini kukalira ndi chimwemwe.

Masana pabwalo panadzaza anthu. Atsikana anatuluka atafunda zitenje kumutu, ndipo akuchimuna atavundukula woyamba ndi wachiwiri, anamupeza Alinafe akumwetulira, tizilonda tija titauma. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, ng'oma n'kulira. Ndinavina mpaka chitenje kumasuka.

Itafika nthawi yawo yolankhula, a Yesaya anaimirira n'kuloza a Habiba amene anakhala pakati pa amayi.

"Anzanga a ku sikimu, mpunga ukalowa m'nyumba khoswe amatsata, ndipo sabwera yekha, amabereka utitiri. Musapupulume ndi poizoni. Funsani alangizi a zaumoyo, muphe utitiri poyamba, makoswe pambuyo. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja, ndipo matumba asagone m'chipinda chimodzi ndi anthu."

Anthu anaomba m'manja. Nkhoswe wa kuchimuna, bambo wanthabwala, anafunsa ali chikhalire: "Nanga ife ndife otetezeka pano? Paja dzina lathu likufanana nawo."

"Inu khalani," anayankha a Yesaya. "Pakhomo pano ankhoswe timawayalira mphasa, makoswe timawatchera msampha."